Kaundula wa mayunitsi a pakhomo pano, mwezi wa Juni

Mtengo wa yuniti umasinthasintha, choncho kaundulayu ali m'mayunitsi, osati m'makwacha. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Pa soketi pamafika mavolti 230. Maampu a chipangizo chilichonse anayeza ndi alamu anga, amene amagwira ntchito ya magetsi, pogwiritsa ntchito mita yawo yopana waya. Masamu ake ndi awiri okha. Mavolti kuchulukitsa ndi maampu, mwapeza mawati. Mavolti kugawa ndi maampu, mwapeza maohm, omwe amasonyeza mmene chipangizocho chikukanizira magetsi kudutsa. Lachiwirili ndi lamulo limene Georg Simon Ohm wa ku Germany anafalitsa mu 1827.

Mbaula ya magetsi: maampu 6.5. Kuchulukitsa ndi 230, mawati 1,495, tingoti 1,500. Kugawa, maohm 35. Imayaka maola awiri patsiku, nsima ndi ndiwo. Mayunitsi 3 patsiku, 90 pamwezi. Tsiku la nyemba zosanyika imapitirira pamenepo, n'chifukwa chake nyemba tsopano zikugona m'madzi.

Ketulo: maampu 8.7, mawati 2,000, maohm 26. Onani kuti maohm ake ndi ochepa kuposa a mbaula, koma mawati ndi ochuluka. Apa anthu ambiri amasokonezeka, poganiza kuti chimene chikukaniza kwambiri ndicho chimadya kwambiri. Ayi. Mavolti akakhala omwewo, chokaniza pang'ono ndicho chimalola maampu ambiri kudutsa, ndipo ndicho chimathamangitsa mita. Ketulo timaiyatsa mphindi 15 patsiku, tiyi ndi madzi osamba a mwana, poti kuzizira kwa Juni sikukambirana ndi munthu. Mayunitsi 15 pamwezi.

Simbi: maampu 4.3, mawati pafupifupi 1,000, maohm 53. Maola awiri pa sabata, yunifolomu ndi zovala za kutchalitchi. Mayunitsi 8.

Mababu asanu a LED, lililonse mawati 9, maola asanu usiku uliwonse. Mayunitsi pafupifupi 7 pamwezi. Akanakhala mababu akale a kawaya kofiira mkati, a mawati 60, akanadya mayunitsi 45. Babu lakale limodzi lidakali m'kabati ndipo tinaliyesa: maampu 0.26, ndiye kuti maohm pafupifupi 885 likayaka. Lili lozizira, mita ya alamu inasonyeza maohm osakwana 100, chifukwa kawayako kamakaniza kwambiri kakatentha. N'chifukwa chake mababu amenewa ankakonda kupsa nthawi yomwe mwangodina swichi, magetsi ambiri akalowa kawaya kasanatenthe.

Matchaja atatu a foni: iliyonse imatulutsa mavolti 5 ndi maampu 2, mawati 10. Maola awiri patsiku. Onse pamodzi mayunitsi 2 pamwezi. Ana akhala akudzudzulidwa chifukwa cha mafoni mayunitsi akatha msanga. Mwezi wonse wa matchaja atatu sukufika pa tsiku limodzi la mbaula, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zilembedwe, anawo aziwerenge okha.

Firiji sindinaiike. Ili ndi injini, imayaka n'kuzima yokha, ndipo pa zinthu za injini kuchulukitsa mavolti ndi maampu kumapereka nambala yoposa imene mita ikuwerenga.

Zonse pamodzi, kupatula firiji: mayunitsi 122. Mwa amenewa, 113 ndi a zinthu zitatu zotenthetsa.

Ekisitenshoni ya kukhitchini. Iyi m'mayunitsi ndi yaing'ono kwambiri, koma ndiyo yandidetsa nkhawa kuposa zonse. Waya wake unadukapo kale, wina analumikiza ndi manja n'kukulunga tepi yakuda. Ketulo ikuyaka, alamu anayeza mavolti kumbali ziwiri za mfundoyo ndipo anapeza kuti pakutayika mavolti 6. Mavolti 6 kugawa ndi maampu 8.7, maohm 0.7. Nambala yooneka ngati palibe kanthu. Koma mavolti 6 kuchulukitsa ndi maampu 8.7 ndi mawati 52, kutentha pafupifupi kofanana ndi kwa babu lakale lija, koma kotsekeredwa m'kamfundo ka tepi kogona pansi pa shelefu ya matabwa. Pamwezi ndi mayunitsi 0.4 okha, ndipo mita singakuchenjezeni za zimenezi. Tepiyo inali itafewa kale, ikumata m'zala.

Mfundo yotere imaipiraipira. Ikatentha, mkuwa umada, mawaya sagwiranso bwino, maohm amakwera, kutentha n'kuwonjezeka. Komanso kutentha kwa pa mfundo sikukwera mofanana ndi maampu: maampu akawirikiza kawiri, mavolti otayika pamenepo amawirikizanso kawiri, mawati n'kuwirikiza kanayi.

Pa ekisitenshoni yomweyi pankalowa mbaula ndi ketulo nthawi imodzi m'mawa. Maampu 6.5 kuphatikiza 8.7 ndi 15.2. Fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno ndi ya maampu 13, kutanthauza mawati 2,990 pa mavolti 230. Ife tinkadutsitsa mawati pafupifupi 3,500. Titatsegula pulagi, fyuzi munalibe. Munali kawaya kopindidwa, koikidwa kuti magetsi asamadukenso. Alamu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mlamu, ichi musachilumikizenso, ngakhale kwa tsiku limodzi." Anadula pulagiyo ndi pulayala pomwepo.

Zotayidwa: ekisitenshoni imodzi, pulagi imodzi, soketi imodzi imene mabowo ake anali atachita bii.

Zogula: soketi yatsopano ya pakhoma pafupi ndi mbaula, yoikidwa ndi alamu, mafyuzi awiri a maampu 13, imodzi yosunga. Ketulo yasamukira pa soketi yakeyake ya m'chipinda chodyera. Ekisitenshoni ina sitinagule.