Bwana Mkulu wa Kampani ya Munthu Mmodzi

Kuno ku Chiparamba pafupifupi khomo lililonse limalima nshawa, ndipo khomo lililonse limadandaula ndi mtengo umene anyamata a masikelo amatigulira. Anzanga amadandaula n'kukagona. Ine ndinadandaula n'kutsegula kampani.

Nzeru yake inali yosavuta. Nshawa usagulitse zosenda chabe. Zikazinge, uzipere, uthire m'botolo, umate kapepala kokongola, ndalama ibwera yokha. Sikuti n'zongolota ayi. Pa Chipata pompa a COMACO amagula nshawa kwa alimi, ndipo chiponde chawo cha It's Wild! chimafika mpaka m'masitolo a ku Lusaka. Ndiye ndinadzifunsa kuti iwowa akundiposa chiyani, kupatulako makina, magalimoto, antchito ndi ndalama?

Dzina la kampani ndinakalembetsa ku PACRA, nambala ya msonkho ya TPIN ndinatenganso ku ZRA. Satifiketi ndinaipachika pakhoma, pakati pa kalendala ya kutchalitchi ndi chithunzi cha ukwati wathu. Apongozi ataiona anaomba m'manja mwaulemu, kenaka ananong'oneza mwana wawo kuti, "Afunseni bambowa, malipiro ayamba mwezi uti?" Iwo ankayesa kuti boma landilemba ntchito.

Pakampanipo bwana mkulu ndine. Wokazinga ndine, wotsuka mabotolo akale a mayonezi ndine, wopalasa njinga ndine, mlonda ndinenso. Misonkhano ya akuluakulu a kampani timachitira panjinga popita kutauni, ndipo chiyambire sitinasemphanepo maganizo.

Tsono anyamata ophunzira za bizinesi, a mtundu uja umasonkhana ku BongoHive ku Lusaka chiyambire 2011, ali ndi chiphunzitso chawo. Amati usathamangire kugulitsa: yamba wasonkhanitsa anthu okutsatira, akudziwe, akukonde, ndalama izibwera pambuyo. Ine mawu amenewa ndinawagwira ndi manja awiri. Ndinatsegula tsamba pa Facebook, ndipo m'mawa uliwonse ndimakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira bwino, kukaika chithunzi cha botolo pa WhatsApp. Tsiku lina botolo lili pamkeka, mawa lili pa njinga, mkuja ndalinyamula ineyo nditavala jekete ya pa ukwati. Anthu opita kumunda amandiona pachulupo nditakweza dzanja kumwamba, ndipo ena anayamba kunena kuti ndatsegula mpingo.

Onditsatira anabwera ndithu. Woyamba anali mlamu wanga. Wachiwiri msuweni wanga wa ku Johannesburg, amene chithunzi chilichonse amachiyankha kuti "Ameni." Wachitatu ndi bambo wina wa dziko lakutali, wovala suti, amene akuti ndikamutumizira K500 adzandibwezera K5,000 Lachisanu. Palinso gulu lina limene ndimalilemekeza kwambiri, la anthu ofunsa kuti "Zingati?" Ukawauza mtengo amati "Tikubwera, bwana." Anthu amenewa ananyamuka kalekale, ndipo ndikuopa kuti mwina anakumana ndi zovuta panjira. Ndalama imene ndawonongera mabandulo powadikira ikanagula mbuzi, mwinanso ya bere.

Chimene anyamata a ku Lusaka aja sanaganizire n'chakuti kumudzi munthu sasowa omudziwa. Pano aliyense amandidziwa kuyambira ndili wa mamina. Amakumbuka za nkhuku zanga zija zinatha ndi chitopa, amakumbukanso za tomato uja anaolera m'dengu. Nkhani ya chiponde akazi anga anangoitchula kamodzi pa mjigo, pofika madzulo inali itadutsa pa chigayo, yafika pamaliro a mudzi wachitatu. Mawa lake anthu anadzaza pakhomo. Mtima unagunda, ndinati kampani yanyamuka.

Anabwera kudzalawa.

Kulawa kwa kuno musakuyese masewera. Munthu amabwera ndi mbatata yake yophikaphika, n'kukhala pansi bwinobwino. Amalume analawa theka la botolo, n'kugamula kuti mchere wachepa, ndipo adzabweranso kudzaona ngati ndakonza. Mlamu anatenga mabotolo awiri, "Ndikupatsani ndikagulitsa thonje, alamu." Thonje anagulitsa, ndinamuona ndi maso angawa atagula wailesi. Nanga apongozi mungawatchulire mtengo? Munthu amene ukakumana naye panjira umapatuka n'kulowa m'tchire, ungamutambasulire dzanja kuti K30? Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiola. Zoona, koma sananene kuti fupalo limadya pangongole. Buku lokhalo la kampani limene ladzaza mpaka kuchikuto ndi la ngongole, ndipo mukaliwerenga mupeza mtundu wathu wonse, mbali ya bambo ndi ya mayi, osaphonya ndi mmodzi yemwe.

Amene anandithera mawu ndi agogo ena a pafupi nafe. Anatenga botolo, kulitembenuza, kulinunkhiza, n'kundiyang'ana. "Mwana wanga, nshawazi si zija unagula kwa ine?" Ndinavomera. "Ndiye ukundigulitsa nshawa zanga zomwe, chikhalirecho mtondo ndili nawo?" Ndinayesa kufotokoza za kapepala kokongola kaja. Anati kapepala sadyera mbatata.

Basi, msika weniweni uli kutauni, kwa anthu opanda mitondo. Ndinamanga katoni pa keriyala, ulendo wa ku Chipata. Dzuwa la mu Okutobala linagwira ntchito yake, moti pofika ku Saturday Market mafuta onse anali atayandama pamwamba, pansi patatsala chinthu cholimba choti n'kumangira nyumba. Nshawa zofiira za MGV4, zija zinachokera ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Msekera, mafuta ake ndi ambiri. M'munda n'dalitso, pa njinga n'chipongwe. Mwini sitolo ina anandilandira bwino, koma mafunso ake anali a kukhoti. Chizindikiro cha bungwe loona za ubwino wa katundu la ZABS chili kuti? Tsiku lothera ntchito lili pati? Nanga za chuku munapimitsa? Apa ndiye anandigwira pakhosi, chifukwa nkhani ya chuku si yoseka. Nshawa zikapanda kuuma bwino, kapena mukaziwaza madzi kuti zisendeke msanga monga timachitira ambirife, zimamera nkhungu imene poizoni wake amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Ndinayankha kuti kwathu timapima ndi lilime. Anandiperekeza mpaka pakhomo mwaulemu wonse.

Mpamba nawo unandizunguza mutu. Mu 2022 boma litakweza ndalama za chitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, tinamva kuti magulu ndi makopaletivu atha kupempha thandizo. Ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anabwera osanyamula mbatata. Zonse zinayenda bwino mpaka pa chisankho. Wapampando anapezeka msanga, mlembi tinachita kumukakamiza, koma pa udindo wa msungichuma anaimirira anthu onse, kuphatikizapo mlamu uja wa wailesi. Fomu yathu mpaka lero ili m'Baibulo la akazi anga, ikudikira kuti tigwirizane. Chilala cha 2024 chitabwera, chija Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, nshawa zinasowa, ndipo katundu amene anatsala m'nkhokwe ya kampani anadyedwa ndi akuluakulu a kampani pamodzi ndi ana awo.

Ku mwambo wa Ncwala nakonso ndinayesako. Ndinati ku Mtenguleni mu Febuluwale kumasonkhana khamu lodzaona Nkosi yama Nkosi Mpezeni, ndiye pa anthu onsewo palephera bwanji kupezeka okonda chiponde? Anthu anafuna madzi ozizira ndi nyama yootcha. Wovina ngoma atanyamula chishango ndi chibonga alibe dzanja lachitatu logwirira botolo. Akazi anga, amene ndinawatenga kuti azindithandiza kuwerenga ndalama, anali atanyamula nshawa zokazinga zothira mchere m'timapepala ta K2. Dzuwa lisanapendeke beseni lawo linali mbee. Alibe satifiketi, alibe tsamba, sanakwerepo pachulu. Ndalama yobwerera kunyumba anandilipirira ndi iwo, ndipo anailemba.

Komabe musandimvere chisoni, kasitomala weniweni ndili naye. Ndi aphunzitsi ena achizimayi a pasukulu ya pafupi, ochokera kutauni, amene kusinja sakudziwa. Mwezi ukatha amatumiza ndalama pa foni ndisanawakumbutse, botolo amabweza lotsukatsuka, ndipo sanapemphepo kulawa. Pa Facebook sanditsatira. Za chiponde anamva kwa akazi anga potuluka m'tchalitchi. Ndikawaona akubwera ndimavula chipewa patali, ana ndimawauza kuti agwade.

Sabata yatha aphunzitsiwo andiuza kuti awasamutsira ku Petauke. Akuluakulu a kampani takumana kale panjinga, ndipo tagwirizana tonse kuti titsegule nthambi kumeneko.