Bwanji Wina Akhululukidwa, Wina Ayi?

M'mabuku awiri oyambirira a Off-Campus, omwe Elle Kennedy wa ku Canada anatulutsa mu 2015, muli anyamata osewera hockey pa yunivesite yongopeka ya Briar. Malamulo a masewerawo sanandivute kwenikweni. Chandizunguza mutu ndi nkhani ya kukhululuka.

Mu The Mistake, John Logan amukhumudwitsa Grace Ivers pa nthawi imene mtsikanayo wamutsegulira mtima wonse, pomuuza kuti maganizo ake ali pa mkazi wina. Akabwera kudzapepesa, Grace amupatsa mndandanda wa ntchito zoti achite, ina mwa izo kulemba ndakatulo ya chikondi. Ndiye ndimafunsa: kodi chikhululuko chimagulidwa ndi ntchito? Mnyamata akamaliza zonse zili papepala, ndiye kuti wasintha, kapena wangoonetsa kuti safooka msanga? Pajatu wosewera mpira aliyense anazolowera kuuzidwa zochita ndi mphunzitsi wake n'kuzichita mpaka thukuta kamukamu. Nanga Grace akanadziwa bwanji kuti uku n'kulapa, osati kulimbikira kwa munthu wosafuna kugonja? Mwina ntchitozo zinangomupatsa nthawi yoti amuonetsetse. Ngati ndi choncho, chinamufewetsa mtima ndi ndakatuloyo kapena masiku amene anadutsa?

Mu The Deal ndiye zinandikulira. Bambo ake a Garrett Graham, katswiri wakale wa hockey, ankamenya mwana wawoyo pamodzi ndi mayi ake. Atamva za chibwenzi cha Garrett ndi Hannah Wells, anaopseza mtsikanayo kuti asiya kulipira sukulu ya Garrett ngati sasiyana naye. Buku limatha Garrett asanawakhululukire, ndipo wolemba sakumudzudzula ngakhale pang'ono. Ine ndinakula ndikumva kuti kholo ndi kholo, zivute zitani. Koma kodi munthu amene sanapepesepo, amenenso akupitiriza nkhanza zake, mungamukhululukire chiyani? Ndikamawerenga ndimaona kuti Garrett wakula ndithu, chifukwa mantha ake aakulu ndi oti angadzafanane ndi bambo akewo. Kodi n'zotheka kuti munthu akhwime pokana kukhululuka?

Bambo ake a Logan nawonso analakwira ana awo. Mowa unawagwira mpaka Logan anatsala pang'ono kutaya mwayi wosewera hockey ya akatswiri kuti aziwasamalira ndi kuyendetsa galaja ya banja lawo. Koma kwa iwo chitseko sichinatsekedwe. Kusiyana kwake kuli pati? N'chifukwa choti mowa ndi matenda pomwe nkhanza munthu amachita kusankha? Kapena n'chifukwa choti mmodzi anavomera kuti akufunika thandizo?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi Hannah. Anagwiriridwa ali ndi zaka 15, ndipo anthu ambiri a m'tauni ya kwawo ku Indiana anaukira iye ndi makolo ake. Palibe amene anabwera kudzamupepesa. Komabe mu The Deal akuchira, akuimba, akukondanso. Nanga iyeyo anakhululukira ndani kuti afike pamenepo?