Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale la M'boti

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ife a ku Migowi mwambi umenewu sitinauphunzire m'kalasi. Phiri la Michesi linatiphunzitsa mu 1991 napolo atatsika, namondwe Freddy n'kudzabwereza phunziro lomwelo mu 2023. Za makwawa akumtundawo palibe amaseka. Zoseketsa zili kumunsi, kunyanja ya Chilwa kumene kumachokera matemba ndi milamba ya pamsika pathu. Uko madzi ali ndi kakhwawa kena komwe sanakaiwalepo: kamng'alu ka pansi pa boti.

Pitani kudoko la Swang'oma mukaone. M'boti lililonse muli chigubu chodula pakati, ntchito yake kukapa madzi. Koma mwini boti sangavomere kuti boti lake likulowa madzi. "Ndi mafunde awa, mayi, ingokwezani miyendo." Mafunde ake ati, nyanja ili zii, iyenso akukankha boti ndi nsungwi poti Chilwa n'ngosazama?

Madzi akafika m'akakolo, mlandu umayamba. Woyamba kuganiziridwa ndi mayi wa beseni la nsomba, akuti likudontha. Kenako mphwake wa mwini boti amene analibwereka dzana. Zikakanika apa, mnzake wa chimbowera (msasa wa asodzi panyanja) choyandikana uja, amene chaka chino sakupha kanthu ndipo amayang'ana moipa. Msomali wadzimbiri wokha ndiwo suitanidwa kubwalo.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti pomwe madzi adikha si pomwe alowera. Amalowa kutsogolo, n'kumayenda mwakachetechete kunsi kwa mitanda, kukasonkhana kumbuyo kumene kwatsika. Mwini wake amathira phula pachithaphwipo, thabwa labwinobwino, n'kumadabwa kuti m'mawa madzi amulonjeranso.

Mmisiri wodziwa ntchito sakangana ndi munthu. Amati boti likokeredwe kumtunda, alikweze pazipika, liume. Akatero amathiramo ndowa za madzi, iye n'kugona chagada kunsi kwake, maso pamatabwa. Njira imene madzi analowera ndi yomwe amatulukira. Dontho likamugwera pamphuno, wapalamula wapezeka. Amakhomeramo sanza ndi tchizulo, kuthira phula lotentha, pena kuphimbapo kachidutswa ka lata. Msomali amauchotsa ndi zala, chifukwa Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye mchere wake umadya chitsulo osakhuta. Dzuwa nalo limathandizira. Nyanjayi itaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, maboti ankangokhala pamatope ouma, matabwa n'kunyala, mipata n'kutseguka. Madzi pobwerera anakumbukira nyanja yawo, anakumbukiranso mpata uliwonse.

Tsono boti la masiku ano lili m'thumba la malaya, dzina lake foni. Munthu wagulitsa nandolo, ndalama yalowa ku Mpamba kapena ku Airtel Money, sabata isanathe yatsala yogulira mchere. Mumve akudandaula pagolosale. Mitengo yakwera, zimene n'zoona. Mayi a kunyumba sasamala, limene ndi bodza. Wina wamuchita chitaka. Chitaka chake chodziwa nambala yachinsinsi?

Mmisiri wa boti limeneli amakhala mwana wa Fomu 2. "Bambo, tabweretsani foniyo tione mauthenga." Ndiye amawerenga mokweza, amayi ake ali pomwepo akusankha mpunga. Bandulo Lolemba. Bandulo ina Lolemba lomwelo, poti yoyambayo inathera pa Facebook. Kubetcha Loweruka madzulo kuti Arsenal ipambana. Kubetchanso Lamlungu pofuna kubweza ya Loweruka. Kenako dzina lina lake limene limalandira kangachepe mwezi ndi mwezi, lolembedwa kuti "Makaniki", chonsecho pakhomopo palibe ngakhale njinga yakapalasa.

Bamboyo amalanda foni, kunena kuti ana a lero alibe mwambo, ndipo mafoniwa anthu akumalowamo. M'mawa mwake mumuona ali pakhomo pa wakatapila, chipewa m'manja.

"Achimwene, mundipatseko yokapira, ndibweza nandolo wina akacha."

"Simunabweretu mwezi wathawu, inu?"

"Ndinabwera. Njira ndikuidziwa."