Umphawi wanga ulibe chikalata

Abale anzanga, kuno ku Mangalande kusauka n'kosavuta. Chovuta n'choti boma livomereze kuti wasaukadi. Ine mayeso a umphawi ndimalemba nyengo yozizira iliyonse ndipo ndimalephera, chonsecho phunziro limeneli ndinaliyamba ndisanamere mano.

Kwathu zinthu zinali zoongoka. Ikafika nthawi ya makuponi a feteleza, amfumu ankangoyang'ana denga la nyumba yako, kuwerenga nthiti za galu wako, basi dzina lalembedwa. Kuno amfumu ndi kompyuta, ndipo kompyuta ilibe nazo ntchito za galu.

Ndinafika mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwayi wanga mukuudziwa kale: chaka chomwecho Russia inalowa m'dziko la Ukraine, mtengo wa gasi n'kupenga. Mu Epulo, bungwe loona za mitengo ya magetsi ndi gasi la Ofgem linakweza malire a bilu ya banja wamba kufika pa mapaundi 1,971 pachaka, kenako linalengeza kuti mu Okutobala zifika pa 3,549. Mayi Liz Truss, amene anakhala nduna yaikulu masiku 49 okha, anapezabe mpata wotsitsa chiwerengerocho kufika pa 2,500. Ine ziwerengero zonsezi ndinkazisintha kukhala makwacha pa foni, ndikatero njala inkatha yokha.

Ndiye kunabwera uthenga wokoma. A Rishi Sunak, ali nduna ya zachuma, analengeza mu Meyi kuti nyumba iliyonse ithandizidwa ndi mapaundi 400 pa bilu ya magetsi, osabweza. Ndinamva nkhaniyi masana kuntchito. Pofika madzulo ndalamayo ndinali nditaidya kale m'mutu: malata a mayi, fizi ya mphwanga, nsapato zanga zosongoka zopitira kutchalitchi. Ndinanong'oneza mlongo wanga pa WhatsApp kuti boma la kuno likutigawira ndalama, koma asauze munthu. Kutacha m'mawa malume anaimba. Anayamba ndi kufunsa za moyo wanga kwa nthawi yoyamba chichokereni, kenako anatchula mtengo wa njinga yamoto.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wanga anali asanafike n'komwe pachala. Pulogalamuyo, ya Energy Bills Support Scheme, sinkapereka ndalama pamanja. Ankangochotsera pa bilu, mapaundi 66 mu Okutobala ndi Novembala, kenako 67 mwezi uliwonse kuyambira Disembala mpaka Malichi. Wopindula anali munthu amene dzina lake lili pa akaunti ya magetsi. Ine panthawiyo ndinkachita lendi kachipinda m'nyumba ya anthu ambiri, magetsi ali m'kati mwa lendi, dzina la pa akaunti lili la alandilodi.

Lamulo linkati eni nyumba otere apereke phindulo kwa alendi awo mwachilungamo. Ndinakonzekera. Ndinaima pagalasi n'kuyeserera Chingerezi chaukali, chala chili m'mwamba. Tsiku limene alandilodi anabwera kudzaona mpope wodontha, ndinawadikirira pakhomo mtima uli m'malo. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anadandaula kuti zinthu zadula kwambiri moti mwina lendi ikwera. Abale, ndinawapepesa. Ndinawanyamulira bokosi la zipangizo mpaka pagalimoto, n'kuwafunira ulendo wabwino ndi manja awiri.

M'masiku omwewo pa foni panga panafika uthenga wakuti ndine woyenera kulandira mapaundi 400 aja, ndingodina apa n'kulemba manambala a kubanki. Boma linali litanena mobwerezabwereza kuti thandizoli silofunsira, koma munthu amene wauzidwa koyamba m'moyo wake kuti ndi woyenera samva za boma. Ndinalemba zonse mosamala, ndi zala zaulemu. Mpaka lero ofesi yokhayo imene inalandirapo fomu yanga mwansangala ndi ya akuba. Chinandipulumutsa ndi umphawi womwewo: mu akauntimo anapezamo ndalama yosakwana buledi, ndipo ndikukhulupirira kuti anakhumudwa kuposa ine.

Akazi anga, mayi a Chisomo, atafika, tinasamukira m'kanyumba kathukathu, ndipo dzina langa linakwera pa akaunti ya magetsi. Kalata yoyamba ndinaisunga m'Baibulo. Mita yake ndi ya kiyi wapulasitiki amene umapita naye kusitolo kukathiramo ndalama. Mita imeneyi sigona. Ngakhale muzimitse chilichonse n'kukhala mumdima mukuyang'anana, iyo imadulabe kandalama ka tsiku ndi tsiku kongolipirira kuti mawaya afika pakhomo panu. Ndalama ikatha pali kabatani ka ngongole yapangozi, kamene m'nyumba mwathu kanafufutika utoto. Nyemba tinazisandutsa ndiwo za pa Khirisimasi, chifukwa mphika umodzi umawira mpaka mita kuyamba kulira. Chotenthetsera m'nyumba chili m'manja mwa mayi, ndipo ndikangochiyandikira mawu amachokera kukhitchini: "Bambo a Chisomo, majekete munagula aja ndi ojambulitsira zithunzi basi?"

Apa m'pamene ndinamva za Warm Home Discount, yochotsera mapaundi 150 pa bilu ya magetsi kamodzi nyengo yozizira iliyonse. Ndinakhala pansi ndi cholembera. Choyamba, dzina lako kapena la mnzako wapabanja likhale pa bilu pa tsiku limene boma lasankha m'mwezi wa Ogasiti. Ndinachonga monyadira. Chachiwiri, ku England ndi ku Wales ambiri safunsira n'komwe, makompyuta amafananiza okha mayina kenako kalata imabwera. Ndinayamba kupereka moni kwa wobweretsa makalata. Chachitatu, zaka zoyambirirazo kompyuta inkaonanso mtundu wa nyumba, kukula kwake ndi zaka zake, kuti idziwe ngati ndi yodula kuitenthetsa. Yathu mphepo imalowa osagogoda, ndiye sindinadandaule, ndipo mu 2025 lamulo limeneli analichotsa kuti anthu ambiri apindule.

Chachinayi ndicho chinandigwetsa. Uyenera kukhala ukulandira kale thandizo lina la anthu opeza movutikira, monga Universal Credit kapena Pension Credit. Tsono viza imene ambirife tinabwerera kuno imanena mosapsatira kuti mwini wake asakhudze thumba la chithandizo cha boma. Msonkho amadula bwinobwino mwezi uliwonse, pamenepo kompyuta imandidziwa ndi mayina onse atatu. Koma kuti ndilandire thandizo ili ndiyenera kukhala ndi thandizo lija, ndipo thandizo lija ndi limene ndinasainira ndekha kuti sindidzalipempha.

Sindinagonje msanga. Ndinaimba foni ku nambala yofunsira, nditakonza mawu achisoni ndi kachifuwa kongopeka. Anayankha mayi wina waulemu kwambiri. Anandifunsa ngati ndimalandira Universal Credit. Ndinati ayi, koma mudzi wonse kwathu umalandira kwa ine. Ndinafotokoza za malata, za fizi, za maliro, za malume ndi njinga yawo. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, anati pepani, kenako anandiuza mokoma mtima kuti pa fomu yawo palibe malo olembapo malume.

Ndinafufuza makomo ena. Pali Cold Weather Payment, mapaundi 25 kukazizira mpaka madzi kuundana kwa masiku 7 otsatizana, koma nayonso imafuna thandizo lija. Pali Winter Fuel Payment ya anthu a msinkhu wa penshoni. Ine amene ndakhala ndikudaya imvi ndi kudula zaka pocheza ndi anzanga, sabata imeneyo ndinaleka kudaya, n'kuyamba kudzuka pampando mobuula. Mayi a Chisomo anangoti zaka amawerengera pa pasipoti, osati pa bondo.

Chowawa kwambiri n'chakuti umboni wa chuma changa ulipo wambiri. Pa Facebook pali chithunzi changa nditatsamira galimoto ya aneba, chipale chofewa chili mbuu, jekete yonyezimira, m'munsimo anthu akulemba kuti madalitso, bwana, musatiiwale. Chithunzi chimene ndikuvundula nsima nditavala chipewa ndi magolovesi palibe anajambula. Motero kumudzi ndine wolemera wokanika kupereka, kuno ndine wosauka wokanika kulandira, ndipo mbali zonse ziwiri zimandiona ngati wabodza.

Tsono inu anzanga amene mapepala anu anasintha ndipo mumaloledwa kulandira chithandizo, safunsa anadya phula. Onetsetsani kuti dzina lanu lili pa bilu Ogasiti asanafike, tsegulani makalata m'malo mowaunjika pamwamba pa filiji, ndipo uthenga wa pa foni wofuna manambala a kubanki muufufute musanaumalize kuwerenga. Enafe tiyeni tizivala masokosi awiriawiri. Ndipo amene muli pafupi ndi malume, chonde kawauzeni mwaulemu kuti mapaundi 400 aja anatha mu Malichi 2023, ndipo anadya ndi alandilodi.