Anayeza Utaka wa ku Mbenje

Pa Kamuzu Road ku Salima, pomwe anyamata a kabaza amadikirira makasitomala, nkhani ya mpira inazizira pomwepo litangotsitsidwa dengu la utaka wouma. Mwini wake, mdala wa ndevu zotuwa, anati wachokera ku Chikombe.

"Wa ku Mbenje uwu, taonani msana wake," anatero akuutembenuza m'dzanja.

Mnyamata wina anati anamva kuti akatswiri a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku Strathclyde ku Scotland anayeza nsomba za pachilumba cha Mbenje, n'kupeza kuti n'zonenepa kuposa za m'madoko ena.

"Anapeza?" mdala anaseka. "Mwanawe, chilumba chija tinayamba kuchitseka m'ma 1950, mwa lamulo la mfumu. Disembala tonse timasamuka, Epulo n'kubwerera mfumu Makanjira itatsegulira. Mowa ayi, juga ayi, chamba ayi. Iwo sikelo abwera nayo dzulodzuloli."

"Koma agogo, popanda sikeloyo boma likanakumverani?"

Apa mnyamatayo sananame. Lamulo la usodzi la 1997 linalola asodzi kutenga mbali poyang'anira nyanja, komatu ku Capital Hill mawu a msodzi amamveka msanga akaperekezedwa ndi manambala.

Mdala sanatsutse. Chomuwawa, anati, ndi ena aja obwera pa galimoto zoyera atanyamula mafomu. "Umamuuza zonse, mwezi womwe utaka umaswana, komwe nsomba zimabisala mwera ukakalipa. Amalemba, amakujambula, amakugulira Fanta. Buku likatuluka lili m'Chingerezi, dzina pachikuto ndi lake. Ife ngakhale kulikhudza."

"Ndiye mukufuna ndalama?"

"Ndikufuna ayambe wafika kwa mfumu, tigwirizane chofufuza. Nafenso tili ndi mafunso athu: chambo chinapita kuti? Akamaliza abwerenso padoko, afotokoze m'Chichewa kapena m'Chiyao, ife timuwongole pomwe waphonya."

Mayi wogulitsa mandasi, amene nthawi yonseyi ankangoingitsa ntchentche, analowererapo. "Akadzabwera adzafunsenso ife. Pachilumbapo mkazi saponda, koma woyanika utakawo pathandala n'kuugulitsa ndani?"

Mdala anakanda ndevu, nati limenelo ndi lamulo la makolo.

"Makolowo analibe akazi?"

A kabaza anafa nalo phwete. Minibasi ya ku Lilongwe inaliza hutala, kondakitala n'kuyamba kukangana ndi mdala uja za mtengo wokwezera dengu.