Kodi Manambala Aja Azilala Chifukwa Chiyani?

Pali chinthu chondizunguza pa mawailesi akale a kaseti ndi makina oonetsera mavidiyo. Nyimbo zikumveka bwino, kaseti ikuzungulira, koma manambala obiriwira a kutsogolo aja azilala moti masana sawerengeka. Chatopa n'chiyani, poti zina zonse zikugwira ntchito?

Amisiri amati kagalasi koonetsa manambalawa ndi VFD, ndipo kampani ya Ise Electronics ya ku Japan ndiyo inayamba kukapanga mu 1967. M'kati mwake mulibe mpweya. Muli timawaya toonda ta tungsten timene tikatentha timatulutsa maelekitironi, ndipo amenewa akagunda mankhwala opakidwa pa manambala, manambalawo amawala. Ndiye vuto limakhala m'galasimo kapena kunja kwake?

Akuti kagalasika kamafuna magetsi a mitundu iwiri: mavoti ochepa otenthetsa timawaya, ndi ena, nthawi zambiri pafupifupi 30, okoka maelekitironi. Makapasita a m'gawo lopereka magetsiwa akauma ndi ukalamba, mavotiwo amatsika, kuwala n'kuchepa. Kodi poyambira si pamenepa, kupima ndi mita? Nanga fumbi ndi utsi zomatirira kuseri kwa pulasitiki yotchinga, alipo anazipukuta? Ngati pali batani lochepetsera kuwala, alipo analiyesa?

Chinanso, bwanji timizere tina ta manambala tazilala kuposa tinzake pa galasi limodzi lomwelo? Yankho lake ndi loti mankhwala aja amatha ndi ntchito. Timizere ta wotchi timene tayaka usana ndi usiku kwa zaka zambiri timafooka msanga, ndipo kusintha kapasita sikungatibwezeretse.

Nanga kabanga kakuda konyezimira pakona ya galasi, kodi papsa? Akuti ayi, kamenekako kamayamwa timpweya totsalira. Kakakhala kakuda, zili bwino. Kakayera ngati ufa, mpweya walowa, ndipo galasilo latha ntchito.

Ndimamvanso kuti ena amawonjezera mavoti pa timawaya kwa kanthawi kuti tiyambirenso kutulutsa maelekitironi mokwanira. Koma kawaya kakaduka m'galasi lomatidwa, angakalumikize ndani? Lina lofanana nalo lipezeka kuti, poti ambiri a magalasiwa ankapangidwira makina a mtundu umodzi basi?

Ngati kupukuta, kupima ndi kusintha kapasita kuli kotsika mtengo chonchi, bwanji timathamangira kutaya wailesi yonse tisanayese n'chimodzi chomwe?