Padi ya Alendo

Lachitatu lapitali ndili pa msika wa Mponela, ndikunenerera tomato mwamtendere, mnyamata wina wa kabaza anaimika njinga yake yamoto pafupi nane n'kuvula chipewa mwaulemu wonse. "Bwana, pepani, si inu aja anakuthirani 7 kwa duu ku Ntchisi?" Mnyamatayo sindimudziwa, nayenso dzina langa salidziwa, koma zigoli akuzidziwa ndi mphindi zomwe zinalowera. Mayi wa tomato anandiyang'ana mwachisoni n'kundiponyera awiri a banyira, amvekere, "Limbani mtima, bambo."

Ndiye nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, poti wofalitsa wake akumasiya mbali yofunika.

Wofalitsayo ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, a pa boma la Ntchisi. Ena akamachoka ku Joni amabwera ndi malata, ena kagalimoto, ena chifuwa chokha. Alamu anabwera ndi PlayStation 4, mapadi awiri, ndi jekete lachikopa lomwe savula ngakhale mu Okutobala. Loweruka lina m'nyengo yozizira anatiitana atatu: ine, aphunzitsi ena a ku Madisi, ndi mnzathu wa sikelo yemwe amagula soya ndi mtedza ku Malomo. "Mubwere tidzacheze alamu, nkhuku yafa kale." Nkhukuyo ngati inafadi, mtembo wake sitinauone. Tinadyera ma soya pisi.

Mapadi awiriwo si ofanana, ndipo nkhani yagona pamenepa. Yawo ndi yakuda, yosalala, imagona m'sokosi m'kabati ya mbale za alendo, ndipo mwana akangoikhudza mlandu wake umakambidwa masiku awiri. Inayo ndi ya alendo. Inali yoyera pochoka ku fakitale. Panopa pamimba anaimanga ndi mphira ya chubu cha njinga, m'mapewa selotepi, ndipo ukaigwedeza m'kati mumalira kanthu, tchekete tchekete, komwe alamu akuti anaikamo dala a ku Japan kuti izipuma mpweya. Kandodo kakumanzere kali ndi maganizo akeake. Ukangokasiya pang'ono, wosewera wako amanyamuka yekha ulendo wa kumanzere, osapatsira, osacheuka, mpaka kukaima pa mbendera ya kona ngati malume amene amanidwa mutu wa mbuzi pa chinkhoswe. Batani la X, lopatsira mpira, limafuna zala ziwiri ndi pemphero lalifupi. La bokosi ndiye lakhama: limadzidina lokha, makamaka mdani akalowa m'dera lako la penate, wotchinga kumbuyo wako n'kumusesa munthu miyendo yonse iwiri popanda womutuma. Lomenyera ku golo limamva ndithu, koma limayamba lalingalira kaye. Ukalidina uli maso ndi maso ndi goloboyi, mwendo umaponyedwa goloboyi atatola kale mpira, kuupukuta, n'kulonjera anthu a m'masitandi.

Batire yake inatsikira kuli chete kalekale, choncho imayendera chingwe, ndipo chingwecho chimafuna kuchigwira chopendeketsa, mutu wake utaloza ku phiri. Ntchito imeneyi anapatsidwa mwana wa mlongo wanga wa sitandade 3. Mwanayo akafuna kukanda mphuno gemu imaima, alamu n'kugamula kuti ndaimitsa dala poopa chigoli, chilango chake ndiwapatse mpira.

"Alamu, padi iyi ikudwala," ndinatero.

"Walira mvula walira matope, alamu. Munafuna nokha kusewera."

Gemu yake ndi FIFA 23, yomaliza kutchedwa ndi dzina limenelo, poti mu 2023 kampani ya EA ndi bungwe la FIFA anathetsa ukwati wa zaka pafupifupi 30 atalephera kumvana pa ndalama. Alamu mbiri imeneyi amaifotokoza modandaula ngati anali nkhoswe wake. Posankha matimu amayamba ndi mwini nyumba, ndipo mwini nyumba amatenga Paris Saint-Germain, momwe muli Mbappé, Messi ndi Neymar pamodzi. Mlendo ali ndi ufulu wosankha iliyonse. Kungoti Real Madrid ndi ya mwana, amalira wina akaitenga. Manchester City ayi, Haaland amathetsa mabatani. Liverpool inawadyera ndalama ya kubetcha, salola kuti ilowe m'nyumba mwawo. Flames mulibemo, ndipo izi zinawapulumutsa, chifukwa ine ndikanangomupatsa Gabadinho Mhango mpira pakati pa bwalo kuti abwereze zomwe anawachita a Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022. Mapeto ake anandisankhira okha Grimsby Town, timu ya m'katauni ka asodzi ku England, akuti, "Anyamata olimbikira awa, alamu, musawaderere."

Kuchinyidwa si nkhani. Ngakhale Bullets imachinyidwa. Chomwe chimawawa ndi mwambo wotsatira chigoli. Alamu sadumpha chibwereza. Amachionera cha kutsogolo, cha kumbuyo, cha m'mwamba, kenako chapang'onopang'ono, uku akufotokoza zomwe chala chawo chimaganiza pa nthawiyo. Akatero amaimirira, kukonza jekete, n'kuvina limodzi ndi Mbappé. Chigoli chachinayi anaitana neba. Chachisanu anajambula sikirini ndi foni, nkhope yanga ikuonekera pagalasi, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la banja, momwe muli azakhali anga a ku Nambuma omwe sadziwa kuti padi n'chiyani koma anayankha kuti, "Mwatichititsa manyazi." Ine nditangodutsa pakati pa bwalo kamodzi, gemu inaima. Foni yawo akuti imalira. Palibe anaimva.

Pazenera panali ana a m'dera lonselo, mitu yokhayokha, ndipo kumbuyo kwanga kunali aphunzitsi, kochi wopanda padi. "Patsira! Menya! Aaa, mukanapatsira!" Munthu woti atapatsidwa padi ija anathamangitsa goloboyi wake mpaka pakati pa bwalo, n'kufunsa kuti kodi iyeyo ndi wa malaya ati.

Agogo athu a m'mapiri a Dowa amatha tsiku lathunthu pa bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo sindinamvepo kuti wina wachitiridwa zotere. Maenje 32, nkhomo 64, theka lako theka la mnzako. Palibe amapatsa mlendo mzere wa maenje obooka. Wadyedwa wadyedwa, wotakata atakate, wogonja amadzuka n'kupereka malo, wopambana osavina. Chitukuko chatibweretsera masewera oti bwalo, mpira, refu ndi miyendo ya mdani zonse ndi katundu wa munthu mmodzi.

Chakumadzulo magetsi anathima monga mwa mwambo, nthawi yomweyo nkhungu ikutsika kuchokera ku nkhalango ya m'phiri la Ntchisi, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinathokoza Mulungu. Koma alamu ali ndi kabatire ka sola ndi laputopu, ndiponso fulashi yodzaza mafilimu yomwe amakakopetsa m'timashopu ta pa Mponela. Tinafunda mabulangete n'kukhala pansi.

Yoyamba inali The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019 ija, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pa sukulu anapanga magetsi a mphepo ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala. Filimuyi ambiri amayankhula Chichewa, koma Chichewa chake n'chobwera pa ndege: Chiwetel Ejiofor ndi wa ku London, Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo khutu limapumula Lily Banda akatsegula pakamwa. Alamu anaona mpata. Anayamba kutimasulira Chichewa kupita m'Chichewa. "Apa akuti kulibe chimanga." Tamva, alamu. "Apa akuti mvula yavuta." Tikuona, alamu, minda yauma. Ine maso anali pa mnyamata wa m'filimuyo akulumikiza mawaya, mtima uli pa mphira ya chubu ija. Mwana wosiyira sukulu panjira anayatsa nyale ndi dayinamo ya njinga, koma bambo wamkulu woti waona Johannesburg akulephera kukonzetsa kandodo kamodzi.

Yachiwiri inali John Wick: Chapter 4, ya 2023, yomasuliridwa ndi anyamata athu aja amene amalankhula pamwamba pa filimu. Amenewa ndimawapatsa ulemu. Munthu mmodzi amakhala mwamuna, mkazi, chigawenga ndi galu, pakati n'kupereka moni kwa makasitomala ake ndi kulengeza pomwe pali shopu yake. Womasulira wotere safuna wothandizira. Koma Keanu Reeves asanawombere ndi chipolopolo chimodzi chomwe, alamu analoza sikirini ndi fupa la soya pisi, ngati soya pisi ali ndi fupa, n'kunena kuti, "Uyutu afa kumapeto."

M'nyumba munati zii. Kenako aphunzitsi anadzuka ndi bulangete lawo. Mwini filimu safa. Iwo anakulira m'mavidiyo a mabenchi a matabwa, a chinsalu chakuda pakhomo, ndipo Rambo sanafe, Schwarzenegger mu Commando sanafe, Van Damme amamenyedwa mpaka kutsala pang'ono koma amadzuka. Wa sikelo nkhawa yake inali ina. Atamva kuti chipwirikiti chonsechi chinayamba mu filimu ya 2014 chifukwa cha kagalu komwe anamuphera, anawerengetsa mitembo ndi zala mpaka zala zinatha. "Anthu onsewa chifukwa cha galu? Kwathu galu akafa timangokumba kuseri kwa khola, mawa n'kukapempha kena kwa neba."

Alamu sanasiye. Wakhungu uja, Donnie Yen, asanatulukire, anatiuza kuti kukubwera wakhungu. Bomba lisanaphulike ankatigwira pabondo. Pa masitepe 222 aja a ku Paris, pomwe mwini filimu amakwera n'kugubuduzika mpaka pansi, anatiuza kuti iwo anakwerapo otalika kuposa amenewo ku Joni atasenza thumba la simenti. Filimuyo ndi ya maola pafupifupi atatu, batire ya alamu inali itatsala ndi maola awiri ndi theka. Inathima munthu ali pakati pa masitepe. Mpaka lero mathero omwe ndikuwadziwa ndi a alamu, ndipo aphunzitsi akuti sawavomereza mpaka ataona manda ndi maso awo.

Lamulungu m'mawa alamu anavala tayi n'kutitsogolera ku tchalitchi, poti ndi mkulu wa mpingo. Uthenga unafika pa Mvera mu 1889, pa Kongwe mu 1894, wazungulira mapiri onsewa zaka zoposa 130, koma chala chachikulu cha alamu sunachifikebe. Titabwerako magetsi anali atayaka, sokosi inatuluka m'kabati. Ndinapempha mwaulemu kuti tisinthane mapadi theka limodzi lokha. Akuti yakudayo inazolowera thukuta lawo. Ndinati nanga bwanji osagula ina, ngakhale yakale, pa msika wa Lachiwiri ku Dzaleka kapena ku Lilongwe. Anandikumbutsa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugwa kwa kwacha kumeneku kwasenza milandu yambiri m'dziko muno, koma mphira ija ndinaiona ndi maso anga kwacha isanagwe.

Ndipotu tisaiwale kuti ine ndine ndani pakhomo paja. Ndine mwini mbumba. Ana aja ndi anga, mlandu ukawagwera adzathamangira kwa ine. Kale mkamwini ankamanga kanyumba kwa akazi ake, kulima munda wa apongozi dzuwa lisanatuluke, ndipo mlongo wa mkazi wake akamadutsa ankatsitsa mawu. Lero tinalola chitengwa mwaulemu, mwana wathu tinamupereka ndi manja awiri, malipiro ake ndi Grimsby Town. Ndalama ya minibasi yanga, tchipisi cha pa chiwaya ndinagula ine, mayunitsi a magetsi omwe anandichinyira ndinathirako ine. Ndikanakhala munthu wokonda milandu, ankhoswe akanamva.

Komabe nditawayang'ana akupukuta padi yawo ndi kansalu ka magalasi, mkwiyo unatsikako. Munthuyu anatha zaka akudula kapinga wa eni ake, kugona anayi m'kachipinda kamodzi, kumva "iwe" kuchokera kwa ana ang'onoang'ono, kuthawa apolisi akamafunsa mapepala. Pobwerera, basi yonse ya pa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete mpaka pa Dedza, kabokosi kaja anakafungatira pamiyendo osalola kuti kakwere pa kalavani. Mwina pa dziko lonse lapansi malo okhawo omwe iwo amalamula n'kumveredwa ndi mphindi 90 zabodza zija. Ndinangoti, asiyeni avine.

Potsanzika ndinalowa kukhitchini komwe mlongo wanga amandimangira mbatata ya kachewere m'kajumbo. Anasuzumira pakhomo, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, musadandaule. Yoyera ija inali yawo, yabwinobwino. Yakudayo ndi yanga."

"Yanu? Inu mumasewera?"

"Ana akagona. Anaimenyetsa kukhoma tsiku lomwe ndinawathira 9, m'mawa mwake n'kulanda yanga. Musakauze anthu, ndi mkulu wa mpingo."

"Munatenga timu yanji, Real Madrid?"

"Ayi, imeneyo ndi ya mwana. Anandisankhira okha. Ya asodzi ija."